Kumva, Kumvetsa ndi Kumvana: Nthabwala za Chilankhulo m'Sewero la Little Green Men

Mawu Oyamba

M'Chichewa muli mneni wamfupi amene amasenza katundu wolemera. Mneniyo ndi kumva. Munthu amamva mawu, amamva fungo, amamva kuwawa, amamvanso Chingerezi kapena Chitumbuka. Mwana wosamva amakhala ndi makutu abwinobwino, kungoti malangizo salowamo. Ku tsinde lomweli kumachokera kumvetsera, kumvetsa, kumvera ndi kumvana, ndipo aliyense woyamwira Chichewa amadziwa kuti anthu awiri akhoza kumva mawu onse amene akuuzana koma osamvana ngakhale pang'ono.

Nkhani ino ikuunika sewero la pa wailesi yakanema lotchedwa Little Green Men, lomwe ndi gawo limodzi la masewero otsatizana a Star Trek: Deep Space Nine. Lidaonetsedwa koyamba ku America mu Novembala 1995. Ngakhale kuti lidalembedwa m'Chingerezi, nthabwala zake zagona pa mipata imene ili pakati pa aneni atchulidwa pamwambawa. Seweroli limaseketsa kawiri. Koyamba limaseketsa pamene alendo ndi eni mudzi sakumva mawu a anzawo. Kachiwiri limaseketsa pamene mawu onse ayamba kumveka koma kusamvana n'kukulirakulira. Kuseka kwachiwiriku ndiko kuli ndi phunziro kwa onse amene amakhulupirira kuti womasulira wangwiro akadzapezeka, mikangano ya anthu idzatha.

Gwero la Seweroli

Star Trek, imene adaiyambitsa Gene Roddenberry mu 1966, ndi nkhani yopeka ya anthu amtsogolo oyenda m'zombo pakati pa nyenyezi. Nthambi yake ya Deep Space Nine idaonetsedwa kuyambira 1993 mpaka 1999, ndipo magawo ake onse ndi 176. Nthambiyi imasiyana ndi zinzake poti ampangankhani ake amakhala malo amodzi, pa siteshoni ya mumlengalenga imene ili ngati doko, pomwe mitundu yosiyanasiyana imakumana, kuchita malonda ndi kukangana. Magawo ambiri amakamba nkhani zolemera monga nkhondo, utsamunda ndi chipembedzo. Alembi akafuna kupumitsako oonera, kawirikawiri ankatembenukira kwa a Ferengi.

A Ferengi ndi mtundu wopeka wa zolengedwa zazifupi, za mano akuthwa ndi makutu aakulu ngati malichero. Chipembedzo chawo ndi phindu, ndipo malemba awo opatulika ndi malamulo 285 a kapezedwe ka chuma. Kwa iwo khutu ndi chiwalo chaulemu: wamalonda wochenjera amati ali ndi makutu abwino. Atatu mwa iwo ndiwo atenga mbali yaikulu m'seweroli. Quark, amene mbali yake amasewera Armin Shimerman, ndi mwini bala pa siteshoni. Rom, woseweredwa ndi Max Grodénchik, ndi mng'ono wake amene ambiri amamuyesa chitsiru pomwe ali katswiri wokonza makina. Nog, mwana wa Rom, adaseweredwa ndi malemu Aron Eisenberg, amene adamwalira mu 2019.

Nkhaniyi adaiganiza ndi Toni Marberry ndi Jack Treviño, adaiika m'mawu a sewero ndi Ira Steven Behr ndi Robert Hewitt Wolfe, ndipo wotsogolera kajambulidwe adali James L. Conway. Adaimanga pa chinthu chimene chidachitikadi. Pa 8 Julayi 1947, akuluakulu a bwalo la ndege za nkhondo ku Roswell, m'chigawo cha New Mexico, adalengeza kuti atola chimbale chouluka. Pasadathe tsiku, mkulu wina wa asilikali, Roger Ramey, adatsutsa kuti chidali chibaluni choyezera nyengo. Patapita zaka, mphekesera idakula yakuti boma lidabisa mitembo ya zolengedwa zochokera kudziko lina. Pamene seweroli limatuluka, mphekeserayo idali pachimake: mu Ogasiti 1995 wailesi zakanema zidaonetsa filimu imene ankati ndi ya madokotala akung'amba mtembo wa cholengedwa cha ku Roswell, ndipo mwini wake, Ray Santilli, adavomera mu 2006 kuti idali yochita kukonza. Choncho oonera oyamba adaidziwa bwino nthano imene ikusekedwa.

Tsatanetsatane Mwachidule

Nog wasankhidwa kukhala woyamba mwa a Ferengi kukaphunzira usilikali wa mumlengalenga pa dziko lapansi. Quark, amene walandira kachombo kuchokera kwa msuweni wake Gaila, akudzipereka kumuperekeza. Kukoma mtima kumeneku kuli ndi nyambo mkati, pakuti m'chombomo wabisa katundu woletsedwa wotchedwa kemocite. Ali m'njira akuzindikira kuti msuweniyo adaononga dala makina kuti chombo chisathe kuima. Rom akuphulitsa gawo la katundu uja kuti achiimitse, ndipo kuphulikako kukuwaponya zaka zoposa 400 m'mbuyo. Akudzidzimuka ali m'chipinda chokhoma cha asilikali ku Roswell, mu Julayi 1947. Zolengedwa zotchuka zija, malinga ndi seweroli, adali wogulitsa mowa, mng'ono wake ndi mwana wasukulu.

Khutu Likafa

Mu Star Trek yonse muli kachipangizo kotchedwa universal translator, komwe kamamasulira chilankhulo chilichonse nthawi yomweyo. Ntchito yake yeniyeni ndi yothandiza alembi, kuti zolengedwa zonse zakuthambo zizilankhula Chingerezi popanda woonera kufunsa chifukwa. Nthawi zambiri sikatchulidwa n'komwe. Little Green Men yakatenga kachipangizo kobisikaka, yakaika m'khutu la a Ferengi, kenaka yakaononga.

Chotsatira chake ndi mphindi zokoma koposa m'sewero lonse. Kamera ikakhala kumbali ya asilikali, a Ferengi akumveka akubwebweta chilankhulo chachilendo. Ikasamukira kumbali ya a Ferengi, iwo akumveka bwino ndipo asilikali a ku America ndiwo akutulutsa phokoso lopanda mutu. Woonera akupatsidwa makutu awiri mosinthanasinthana, moti sangathe kunena kuti wolankhula zomveka ndi uti. Ubwebweta ukusanduka nkhani ya mbali imene munthu waima.

Pofuna kudzutsa tizipangizo tawo, a Ferengi akuyamba kudzimenya m'mutu, monga amachitira munthu ndi wailesi imene yasiya kulira. Pulofesa Carlson, Kaputeni Wainwright ndi namwino Garland, amene akuwayang'anitsitsa, akuganiza kuti apa ndiye alendo ayamba kulankhula. Nawonso akuyamba kudzimenya m'mutu mwaulemu ndi mwachidwi. Magulu awiri aima moyang'anizana, onse akudziwomba makofi, gulu lina likukonza makina, linalo likupereka moni.

Nthabwala imeneyi ili ndi mizu m'maphunziro a chilankhulo. M'buku lake la mu 1960 lotchedwa Word and Object, katswiri wa nzeru zakuya W. V. O. Quine adapereka chitsanzo cha mlendo amene wafika pakati pa anthu omwe chilankhulo chawo sachidziwa. Kalulu akudutsa, mwini mudzi akutchula liwu limodzi. Mlendo akulemba kuti liwulo litanthauza kalulu. Koma adziwa bwanji kuti silitanthauza ndiwo, kapena kuthamanga, kapena mwendo chabe wa kaluluyo? Seweroli lapitirira pamenepa. Funso la Quine lidali lakuti chizindikiro chikutanthauzanji. Funso la seweroli ndi lakuti kodi ichi n'chizindikiro n'komwe? Carlson sadalakwe kumasulira liwu. Adaona uthenga pamene padalibe uthenga, chifukwa adalowa m'chipindamo akuyembekeza moni.

Owerenga a m'chigawo chino cha Africa ali ndi chitsanzo chawo. David Livingstone atafika pa nyanja yaikulu mu Seputembala 1859, adaitcha Lake Nyasa, pomwe nyasa m'Chiyao ndi liwu longotanthauza nyanja. Mlendo adamva bwino lomwe, adalemba molondola, koma adatenga dzina la chinthu ngati dzina la malo, ndipo kuphonya kumeneko kudabala dzina la dziko lonse la Nyasaland. Kukumana koyamba kwa mitundu kumadzala ndi zoterezi.

Komabe pali chinthu chimene woonera wachangu angachiphonye. M'chigawo chimenechi mulibe wonama. Asilikali akudzimenya m'mutu chifukwa akufunitsitsa kumvana ndi alendo, ndipo alolera kuoneka opusa kuti zitheke. Uku ndi kudzichepetsa kumene wophunzira chilankhulo aliyense amadutsamo. Mphindi zimene anthuwa akuoneka opusa kwambiri ndi zomwezo zimene ali oona mtima kwambiri.

Mawu Akayamba Kumveka

Rom akubwereka kapini ka m'tsitsi la namwino, akutokosa nako m'khutu, ndipo tizipangizo tikuyambanso kugwira ntchito. Woonera angayembekeze kuti mavuto atha. M'malo mwake, chiganizo choyamba chomveka chimene Quark akulankhula kwa anthu a pa dziko lapansi ndi chotsatsa malonda. Kuyambira apa pafupifupi mawu onse ndi nyambo, chiopsezo kapena bodza. Quark akudzitcha nthumwi yaikulu ya zamalonda. Akulonjeza zida ndi makina amtsogolo posinthanitsa ndi golide. Jenerale Denning akachedwa kuvomera, Quark akumuuza kuti akagulitsa kwa dziko lina, ndipo Denning akumva kuti akutanthauza a ku Russia. Iye akuyesa kuti uku n'kunenerera mtengo monga pamsika. Kwa msilikali wa ku America wa mu 1947, mawu amenewa ndi kulengeza udani. Kachipangizo kamasulira liwu lililonse molondola, koma sikangamasulire mantha amene dzina la Russia lidali nawo m'chaka chimenecho. Quark wamveka, koma iye mwini sakumvetsa chimene wanena.

Pampondachimera pa nthabwalayi pakufika pamene atatuwa amangidwa pamipando ndipo Wainwright akuwafunsa mwankhanza. Rom, atagwidwa ndi mantha, akuulula zoona zokhazokha: iwo achokera m'tsogolo, afika mwangozi ndipo akungofuna kubwerera kwawo. Palibe akumukhulupirira. Nog, amene wawerenga buku lofotokoza mbiri ya anthu, wazindikira chimene wofunsayo akufuna kumva. Akupeka nkhani yakuti iwo ndi akazitape, ndipo zombo zankhondo zambirimbiri zili m'njira kudzalanda dziko. Wainwright akumeza nkhaniyo yonse, mpaka kumumasula kuti aloze pa mapu pamene adani adzatere.

Apa ndi pamene pagona mfundo ya seweroli. Choona chanenedwa m'Chingerezi chomveka ndipo chakanidwa. Bodza lanenedwa m'Chingerezi chomwecho ndipo lalandiridwa. Kusiyana kwake sikuli m'mawu kapena mwa womasulira. Kuli mwa womvetsera. Wainwright ndi Carlson adwala nthenda imodzi: wina adabwera kudzamva moni ndipo adaumva m'makofi, wina adabwera kudzamva nkhondo ndipo adaimva m'nthano ya mwana wasukulu. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, pochenjeza za uthenga wodzera mwa munthu wina. Seweroli likuonjezera kuti ngakhale wodzimvera yekha amatha kubwerako ndi za m'maluwa, ngati adanyamuka nazo kale kunyumba.

Onse amene adakhalapo m'bwalo la milandu momwe woweruza amalankhula Chingerezi ndipo woimbidwa mlandu amalankhula chilankhulo chakwawo amaidziwa nkhani imeneyi. Zinthu zikasokonekera, chala chimaloza womasulira. Little Green Men yachotsa chowiringula chimenecho popereka womasulira wosalakwitsa, kuti zioneke kuti chotsala n'chiyani. Chotsalacho ndi umbombo mbali ina, mantha mbali inayo.

Mlendo Ndani?

Dzina lakuti Ferengi silidangopekedwa. Limachokera ku liwu la Chiperisiya ndi Chiarabu lotchulira Azungu, lomwe gwero lake ndi dzina la mtundu wa ku Ulaya wa Franks. Liwuli lidafalikira mpaka ku India ndi ku Ethiopia, komwe Mzungu amamutcha ferenj. Pamene a Ferengi adaonekera koyamba mu 1987, mu Star Trek: The Next Generation, adafaniziridwa ndi amalonda akale a ku America oyenda panyanja. Choncho Quark, ngakhale ali ndi makutu ngati malichero, ndi chithunzi cha wamalonda wachizungu.

Izi zikadziwika, seweroli limasanduka nkhani ya atsamunda yoimikidwa chadodolido. Mlendo wa zida zapamwamba watera pakati pa anthu amene akuwaona ngati osatsegula maso. Akuseka kutsanzira kwawo. Akuwerengera kuti m'kanthawi kochepa dziko lawo lonse likhala m'manja mwake. Kumayambiriro kwa ulendo, Nog atamuonetsa chithunzi cha munthu wofanana ndi Kaputeni Sisko, Quark akuyankha kuti anthu onse amafanana nkhope, chipongwe chomwe anthu akuda akhala akuchimva kwa zaka mazanamazana. Koma eni mudzi osatsegula masowo ndi asilikali a dziko lamphamvu koposa mu 1947, dziko lokhalo limene pa nthawiyo lidali ndi bomba la atomiki. Gulu la ndege zankhondo limene linkakhala ku Roswell, la nambala 509, ndi lomwe lidaponya mabomba ku Hiroshima ndi ku Nagasaki mu 1945.

Zinthu ziwiri zikumudabwitsa Quark. Choyamba ndi bombalo: sakumvetsa kuti zolengedwa zanzeru zingathire poizoni mumpweya wa dziko lawo lomwe. Alembi alumikiza bombali ndi nkhani ya chilankhulo mwaluso, pakuti Rom akuganiza kuti cheza chochokera ku mabomba oterewa ndicho chasokoneza tizipangizo tomasulira. Kunena kwina, chida chankhondo ndicho chagonthetsa makutu. Chachiwiri ndi fodya. Pafupifupi aliyense m'chipindamo akusuta ndudu, monga zinkakhalira m'mafilimu a zaka zimenezo. Nog atamufotokozera kuti utsiwo umapha, ndipo anthu amachita kugula m'sitolo, Quark akusangalala poona kuti anthu ogula poizoni angagule chilichonse. Ku America nthabwalayi imaseka agogo awo osuta. Woonera wa ku Kasungu kapena ku Dowa, amene fizi yake idachokera ku okushoni ya fodya, amaiseka ndi mbali imodzi ya kamwa, podziwa kuti m'nkhaniyi iye waima kumbali ya wogulitsa.

Palibe mbali imene ikutuluka yoyera. Quark akunyoza anthu chifukwa cha mabomba, pomwe iye akufuna kuwagulitsa zida zoopsa kuposa mabombawo. Anthu akuopa alendo olanda dziko, pomwe iwo ndiwo amanga alendo pamipando. Anyani sasekana zikundu, ndipo woonera amene waseka mbali zonse ziwiri amatsala akudzifunsa kuti iye ali mbali iti.

Zofooka za Seweroli

Pali malo amene seweroli lapunduka. Poyamba, kachipangizo komasulira kali m'khutu la a Ferengi, koma kakakonzedwa, asilikali amene alibe kalikonse m'makutu mwawo akuyamba kumva Chingerezi. Alembi adafunsa funso labwino la chilankhulo, koma yankho lake adalisiya m'manja mwa matsenga. Ndiponso Chiferengi chimene chikumveka ndi mawu ochepa ongokometsera chisudzo, osafanana ndi Chiklingon chimene katswiri wa zilankhulo Marc Okrand adachipangira malamulo ndi mtanthauziramawu wofalitsidwa mu 1985.

Kachiwiri, pali chigawo chimene Nog akunyengerera namwino kuti amusisite makutu ponamizira kuwawa. Oonera okhazikika amadziwa kuti kwa a Ferengi kusisitidwa makutu kumadzutsa chilakolako, pomwe namwinoyo sakudziwa. Chisekocho chikuchokera pa kugwiritsa ntchito mkazi amene sakumvetsa zimene akuchitidwa. Kumalo ena onse seweroli limadzudzula wodyera mnzake masuku pamutu chifukwa cha kusadziwa kwake. Pano likupempha woonera kuti asekerere naye.

Kachitatu, atatuwa akubwerera ku nthawi yawo poulutsa chombo mkati mwa kuphulika kwa bomba loyeserera ku Nevada, mothandizidwa ndi Carlson, Garland ndi Odo, wapolisi wa pa siteshoni wotha kusintha maonekedwe, amene adabisala m'chombo ndipo ku Roswell adadzisandutsa galu. Koma mabomba adayamba kuyesedwa ku Nevada mu 1951. Kulakwitsa kumeneku n'kwakung'ono m'sewero la nthabwala, ngakhale kuti kukuchitika m'nkhani imene mphamvu yake yatsamira pa mbiri yeniyeni.

Chofooka chachikulu ndi chimene sichidanenedwe. Mu 1947 asilikali akuda ndi oyera a ku America ankakhala m'magulu osiyana. Lamulo la Pulezidenti Truman lothetsa tsankholi lidasainidwa mu Julayi 1948. Sewero lofunsa kuti mlendo ndani lidali ndi mwayi wokhudza alendo a m'nyumba momwemo, koma lidadutsa chete. Deep Space Nine idabweza ngongoleyi mu 1998 ndi gawo la Far Beyond the Stars, lonena za mlembi wakuda wa nkhani zopeka mu New York wa m'ma 1950, koma limenelo si sewero loseketsa.

Mawu Omaliza

Alendo atathawa, Jenerale Denning akugamula kuti anthu adzauzidwa kuti chimene chidagwa chidali chibaluni choyezera nyengo. Nkhani imene idayamba ndi mawu osamveka yathera pa bodza lomveka bwino. Quark naye, atagulitsa chombo chake ngati zitsulo zakutha kuti apeze ya ulendo, akufikira m'manja mwa Odo pa mlandu wozembetsa katundu. Palibe amene waphunzira kanthu, ndipo seweroli lachita bwino kusanamizira kuti alipo.

Mbiri yeniyeni ili ndi nthabwala yake imene ikugwirizana ndi mfundoyi. Mu 1994 nthambi ya asilikali a mumlengalenga ku America idafotokoza kuti zidutswa za ku Roswell zidali za ntchito yachinsinsi yotchedwa Project Mogul. Mabaluni a ntchitoyi ankanyamula zipangizo zotolera mawu, zoti zikamvetsere kuchokera kutali ngati dziko la Soviet Union laphulitsa bomba la atomiki. Chimene chidagwa m'chipululu cha New Mexico chidali khutu, khutu lotumidwa ndi mantha kukamvetsera mdani.

Masiku ano makina omasulira ali m'mafoni a m'manja, ndipo Chichewa chidalowa mu Google Translate mu 2014. Makinawa ndi othandiza, ndipo zilankhulo za mu Africa ziyenera kupezekamo. Koma Little Green Men ikukumbutsa kuti makina amagwira ntchito pa tsinde la mneni lokha. Angathandize munthu kumva. Mwina angamufikitse pa kumvetsa. Kumvana kuli ndi kachilembo kakang'ono kumapeto kosonyeza kuti ochita ntchitoyo ndi awiri, ndipo ntchito imeneyo palibe kapini ka m'tsitsi kangaikonze.